Kutchera Khutu: Zimene Magetsi a mu Ubongo Amaulula

Pa msika tsiku Loweruka pamakhala phokoso losaneneka. Ogulitsa amaitanira malonda, ana amalira, mabelu a njinga amamveka uku ndi uku, nayo wailesi ya m'golosale imaimba mokweza. Komabe amayi awiri amene akunenerera mtengo wa nsomba amamvana bwinobwino, ndipo munthu atawafunsa pambuyo pake zimene amakamba anzawo a pa benchi yoyandikana nayo, sangatchule ngakhale liu limodzi, chikhalirecho mau a anthuwo adalowa m'makutu mwawo chimodzimodzi. Diso lili ndi chikope, koma khutu lilibe chitseko. Tsono kusankhako kumachitikira pati, ndipo kumachitika nthawi yanji? Kodi ubongo umayamba wamva zonse, nkutaya zosafunika pambuyo pake, kapena umatchinga mau ena asanamveke nkomwe?

Funso limeneli silidayambe ngati masewera a anthu ophunzira ayi. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, anthu otsogolera ndege pa mabwalo akuluakulu ankamva mau a oyendetsa ndege angapo nthawi imodzi kuchokera m'chokuzira mau chimodzi, ndipo kuphonya liu limodzi kukadatha kuphetsa anthu ambiri. M'chaka cha 1953 katswiri wina wa ku Britain, a Colin Cherry, adaveka anthu mahedifoni, naika nkhani ina ku khutu la kumanja, ina ku khutu la kumanzere. Munthu aliyense adauzidwa kuti azibwereza mokweza mau a khutu limodzi pamene akuwamva. Atamaliza, anthuwo sadathe kufotokoza zimene zidakambidwa ku khutu linalo. Ambiri sadazindikire ngakhale pamene wolankhulayo adasiya Chingerezi nkuyamba Chijeremani. Chimene adazindikira msanga ndi pamene mau a mwamuna adalowedwa m'malo ndi mau a mkazi.

Poona zimenezi, a Donald Broadbent a ku Cambridge adalemba m'chaka cha 1958 kuti mu ubongo muli ngati sefa, imene imasankha mau poyang'ana kumene akuchokera ndi kamvekedwe kake, tanthauzo lake lisanadziwike. Koma chaka chotsatira a Neville Moray a ku Oxford adapeza kuti akaika dzina la munthu mwiniyo ku khutu losamveredwa lija, pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu ankalimva. Ngati sefayo imatchinga zonse, dzinalo lidadutsira pati? Akatswiri ena adati ubongo umamva tanthauzo la zonse, ndipo kusankha kumadza mochedwa, pamene munthu afuna kuyankha kapena kukumbukira. A Anne Treisman, nawonso a ku Oxford, adaima pakati, nati sefayo sitseka kotheratu, imangofooketsa. Mtsutsowo udatha zaka zambiri, ndipo chifukwa chake nchosavuta kuchiona: munthu akafunsidwa zimene wamva, amayankha zimene akukumbukira, ndipo sangathe kusiyanitsa chimene sadamve ndi chimene adamva nkuiwala nthawi yomweyo. Padafunika mboni ina yosadalira pakamwa pa munthu.

Mboniyo idapezeka m'magetsi a mu ubongo. Ubongo uli ndi maselo ankhaninkhani amene amatumizirana uthenga mwa timphamvu ta magetsi, ndipo ambiri akagwira ntchito pamodzi, mphamvuyo imapyola chigaza nkufika pa khungu la m'mutu. Dokotala wina wa ku Liverpool, a Richard Caton, adaiona mu ubongo wa akalulu ndi apusi m'chaka cha 1875. Woyamba kuijambula pa munthu adali a Hans Berger, dokotala wa matenda a maganizo wa mumzinda wa Jena ku Germany, m'chaka cha 1924. Iwowa adadikira zaka zisanu asanalengeze zimene adapeza, ndipo atalengeza m'chaka cha 1929 anzawo ambiri adakayika, kufikira a Edgar Adrian ndi a Bryan Matthews a ku Cambridge atatsimikiza m'chaka cha 1934. A Berger adaona kuti munthu akakhala phee atatsinzina, pamatuluka mafunde oyenda mwa dongosolo, pafupifupi khumi pa sekondi iliyonse. Mafundewo ankazimirira munthuyo akatsegula maso, kapenanso akapatsidwa samu yoti awerengere m'mutu. Motero kuyambira pachiyambi penipeni zidaoneka kuti kuika maganizo pa chinthu kumasintha magetsi a mu ubongo.

Mpofunika kunena pano, popeza ena amaopa akaona munthu atamatidwa mawaya m'mutu, kuti makina amenewa, otchedwa EEG, salowetsa magetsi m'thupi ayi. Amangomvera amene alimo kale. Ndiponso sawerenga maganizo a munthu monga mmene munthu amawerengera kalata. Amaonetsa kukula kwa mafunde ndi nthawi imene afikira, basi.

Vuto lalikulu lidali kuchepa kwa mphamvuyo. Kuti mafunde a Berger afanane ndi batire limodzi la tochi, ayenera kuchulukitsidwa ka 15,000 kapena kuposa apo. Tsono kafunde kamene ubongo umatulutsa poyankha kulira kumodzi kwa belu kapena kuthwanima kumodzi kwa nyali nkochepa koposa pamenepo, ndipo kamamira pakati pa mafunde ena osawerengeka. Amene adathetsa vutoli ndi a George Dawson a ku London. M'chaka cha 1947 iwo ankasanjikiza zithunzi zambiri za mayankho a ubongo pa pepala limodzi, ndipo pofika 1954 adali atafotokoza za makina ophatikiza mayankhowo. Nzeru yake njofanana ndi mmene njira imapangikira m'tchire. Anthu oyenda mwachisawawa sasiya chizindikiro pa udzu, koma ambiri akadzera malo amodzimodzi, njira imaoneka. Chomwechonso, belu likalizidwa ka 100 kapena ka 500, mafunde osagwirizana ndi belulo amakwera ndi kutsika mwachisawawa, ndipo akaphatikizidwa amafafanizana okha. Koma kafunde koyankha belu kamafika nthawi yomweyomweyo ulendo uliwonse, choncho kamakulirakulira mpaka kuonekera poyera.

Zitatero, akatswiri adatha kutsatira ulendo wa liu mu ubongo monga mlenje atsatira mapazi a nyama. Nthawi yake amaiyesa m'mamilisekondi, ndipo milisekondi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. M'mamilisekondi khumi oyamba mumatuluka timafunde tating'onoting'ono tochokera ku mtsempha wa khutu ndi ku tsinde la ubongo, pamwamba pa khosi. Pakapita mamilisekondi pafupifupi 100 pamabwera funde lalikulupo lotchedwa N1, limene mbali yake yaikulu imachokera ku chigawo cha ubongo chomvera mau, chapamwamba pa makutu. Pambuyo pake pamadza ena. Zilembo N ndi P m'maina a mafundewa zimangonena kumene funde lapendekera, monga batire lili ndi mbali ziwiri, ndipo nambala imanena malo ake pa mndandanda kapena nthawi yake. Nthawi ya N1 njofupika kotero kuti diso silimaliza kuphethira.

Umboni woyamba umene udagwedeza anthu udachokera kwa mphaka. M'chaka cha 1956 a Raúl Hernández-Peón a ku Mexico, pamodzi ndi a Harald Scherrer ndi a Michel Jouvet, ankaliza kaphokoso pafupi ndi mphaka amene adamuika waya m'tsinde la ubongo. Atamuonetsa mbewa ziwiri m'botolo, kapena atamununkhiza nsomba, yankho la kaphokosoko lidachepa kwambiri. Zidaoneka ngati mphakayo watseka khutu lake kuchokera m'kati. Nkhaniyi idakoma, nilowa m'mabuku ambiri. Koma ena atabwereza ntchitoyo mosamala adapeza kuti mphaka akaona mbewa amatembenuza mutu ndi makutu, ndipo mau ofika m'khutu mwakemo amasintha kukula. Kusinthako kukadatha kuchokera kunja, osati mu ubongo.

Nazonso zoyesa zoyamba pa anthu zidali ndi chilema chake, ndipo amene adachiloza ndi wophunzira wachinyamata wa ku Helsinki m'dziko la Finland, a Risto Näätänen, m'chaka cha 1967. Iwo adati ngati mau ofunika ndi osafunika akubwera mosinthana mwa dongosolo, munthu amadziwiratu nthawi ya ofunikawo, nadzikonzekeretsa thupi lonse. Funde likakula pamenepo, silisonyeza kuti wasankha mau ena nkusiya ena, koma kuti pa kamphindi kameneko adali tcheru pa chilichonse. Mau amenewa adali owawa kwa amene adali atalengeza kale zopeza zawo, koma adali oona.

Yankho lomveka lidadza m'chaka cha 1973 kuchokera ku University of California ku San Diego, kumene a Steven Hillyard, a Robert Hink, a Vincent Schwent ndi a Terence Picton adakonza ntchito yotseka mipata yonseyi. Munthu woyesedwa adavala mahedifoni, kuti kutembenuza mutu kusasinthe kanthu. Ku khutu la kumanzere kunkabwera timau tatifupi tonjenjemera ka 800 pa sekondi, ndipo ku khutu la kumanja kunkabwera tokwererapo, tonjenjemera ka 1,500. Timauto tinkadza mosakanikirana popanda dongosolo, kotero kuti munthu sakadatha kudziwiratu khutu limene lilandire kotsatira. Tinkadzanso mothamanga, kuti kumvera makutu onse awiri kukhale kosatheka. Apo ndi apo pankabwera kamau kokwera pang'ono chabe kuposa tinzake, ka 840 kumanzere kapena ka 1,560 kumanja, ndipo ntchito ya munthuyo idali kuwerenga timau tachilendoti ku khutu limodzi lokha. Pambuyo pake ankauzidwa kusinthira ku khutu linalo.

Ubwino wa kakonzedwe kameneka ngwakuti mau olowa m'makutu adali omwewo maulendo onse awiri. Munthu adali yemweyo, atakhala pa mpando womwewo, ntchito yake ili yolemera chimodzimodzi. Chimene chidasintha ndi kumene adatchera khutu, china palibe. Ndipo waya wa paliwombo udaonetsa kuti funde la N1 loyankha timau ta kumanzere linkakula munthu akamamvera kumanzere, nkuchepa akamamvera kumanja. Timau ta kumanja nato tidachita chimodzimodzi. Kusiyanako kudaoneka pakati pa mamilisekondi 80 ndi 110, nthawi imene munthu sangakhale atalingalira kanthu kapena kukumbukira kanthu. Apa padaoneka kuti chidwi sichidikira kuti liu limveke lonse. Chimalitsogolera, nichilikuza likungofika, monga mmene womvera amakwezera wailesi nthawi ya nkhani isanakwane. Komanso mau a khutu losamveredwa sadazimiririke. Funde lawo lidalipo, lochepa chabe, zimene zidagwirizana ndi maganizo a Treisman oti sefa imafooketsa koma sitseka.

M'ntchito yomweyo mudaonekanso funde lina lochedwerapo, limene linkabwera pokhapokha kamau kachilendo kakamveka ku khutu lomveredwa. Funde limeneli lidali litadziwika kale. A Samuel Sutton ndi anzawo a ku New York adalifotokoza m'chaka cha 1965, ataona kuti limakula pamene munthu sakudziwa chimene chibwere, ndipo kubwera kwake kwamuchotsera chikayiko. Limatchedwa P300 popeza limafika pakapita mamilisekondi pafupifupi 300. Silisamala kwenikweni kuti chinthucho chadzera m'khutu, m'maso kapena pa khungu. Chimene limatsata nchakuti chinthucho nchosowa ndipo munthuyo amachifunafuna. Tsono mbali zonse ziwiri za mtsutso uja zidapeza gawo lake: pali kusankha kofulumira kotsata kumene liu likuchokera, palinso kusankha kochedwa kotsata tanthauzo lake kwa womvayo.

Akatswiri sadasiye kukangana pamenepo. M'chaka cha 1978 a Näätänen, pamodzi ndi a Anthony Gaillard ndi a Sirkka Mäntysalo, adati N1 sikula kwenikweni, koma pali funde lina lotalika limene limasanjikizana nalo, losonyeza ubongo ukuyerekeza liu lililonse ndi chitsanzo cha liu limene ukufuna. Zoyesa za pambuyo pake zidaonetsa kuti funde lotalikalo lilipodi, makamaka pamene mau akubwera pang'onopang'ono. Koma m'chaka cha 1991 a Marty Woldorff ndi a Hillyard adathamangitsa timau koposa kale, napeza kusiyana pakati pa mamilisekondi 20 ndi 50, ndipo m'chaka cha 1993 adasonyeza ndi makina oyesa mphamvu ya maginito kuti kusiyanako kumachokera m'chigawo chomvera mau chenichenicho. Ntchito ikalemera, kusankha kumafulumira.

Pali malire amene chidwi sichidutsa mooneka. Timafunde ta mamilisekondi khumi oyamba aja, timene a Don Jewett a ku San Francisco adatifotokoza cha m'ma 1970 ndi 1971, timakhala pafupifupi chimodzimodzi kaya munthu akumvera, kaya akuwerenga buku, kaya ali m'tulo. Kusamvera chidwi kumeneku kudasanduka dalitso. Mwana wakhanda sangauzidwe kuti akweze dzanja akamva belu, koma ali mtulo pa chifuwa cha amayi ake, timawaya titatu tingaonetse ngati khutu lake likutumiza uthenga ku ubongo. M'maiko ambiri njira imeneyi ndi imodzi mwa zoyesera makutu a ana obadwa kumene, ndipo wopezeka ndi vuto amathandizidwa nthawi yophunzira kulankhula isanapite.

Maso nawo amatsata lamulo lomweli. Kalekale, m'zaka za m'ma 1800, a Hermann von Helmholtz a ku Germany adaona kuti m'chipinda cha mdima, nyali ikathwanima kamodzi, munthu angawerenge zilembo za mbali imene waikako maganizo ngakhale maso ake ali kuyang'ana pakati. M'chaka cha 1969 a Robert Eason ndi anzawo, ndiponso m'chaka cha 1977 a Steven Van Voorhis ndi a Hillyard, adaonetsa kuti kuwala kochokera mbali imene munthu akuiyembekezera kumadzutsa mafunde aakulupo, maso asanasunthe nkomwe. Ku Brussels, m'chaka chomwecho cha 1977, a John Desmedt ndi a Donald Robertson adapeza zofanana pokhudza zala za dzanja limodzi kapena linalo.

Nanga ngati ubongo umafooketsa zonse zosamveredwa, munthu wotanganidwa amapulumuka bwanji ku ngozi? Yankho lili m'ntchito ija ya 1978, pakuti a Näätänen ndi anzawo adapezamo chinthu chachiwiri chimene chidatchuka kuposa choyamba. Mau akamabwera ofanana kambirimbiri, kenaka nkubwera limodzi losiyana, ubongo umatulutsa funde lapadera pakati pa mamilisekondi 100 ndi 250, ngakhale munthuyo ali kalikiliki kuwerenga buku. Limatchedwa MMN. Anthu okhala pafupi ndi chigayo amachidziwa chinthu chotere: kulira kwa injini sakumva tsiku lonse, koma injiniyo ikangosintha kaliridwe kapena kuzima, onse amadzutsa mitu. Zikuoneka kuti ubongo uli ndi mlonda amene amasunga chitsanzo cha zimene zakhala zikumveka, nachenjeza mwini wake zikasintha. Mlondayu amapezeka ngakhale mwa makanda. Madokotala a ku Lyon m'dziko la France, motsogozedwa ndi a Catherine Fischer, adapeza kuti odwala okomoka amene ubongo wawo ukutulutsabe funde limeneli, ambiri mwa iwo amadzatsitsimuka.

Koma mlondayo sangachite zonse, ndipo apa mpamene nkhaniyi imakhudza moyo wa munthu pa msewu. Ku University of Utah, a David Strayer ndi a Frank Drews adakhazika anthu m'makina oyerekeza galimoto, nawauza kuti azitsatira galimoto ina imene inkagwira mabuleki mosayembekezeka. M'chaka cha 2007 adalengeza kuti funde la P300 loyankha nyali zofiira za mabuleki lidatsika ndi theka pamene woyendetsayo ankacheza pa foni, ngakhale foniyo idali yosagwira m'manja. Manja onse awiri adali pa chiwongolero, maso adali pa msewu, kuwala kofiira kudalowa m'maso, koma ubongo udakulandira mofooka. Ntchito yawo ina idaonetsa kuti oyendetsa oterewa ankaiwala zikwangwani zimene maso awo adaziyang'anadi. Choncho dalaivala amene amati foni simusokoneza popeza waitchera m'khutu, akunena zoona za manja ake okha.

Kwa ana nkhaniyi ili ndi mbali yopatsa chiyembekezo. Ku University of Oregon, a Helen Neville ndi anzawo ankakhazika mwana pakati pa zokuzira mau ziwiri, chilichonse chikusimba nthano yakeyake, namuuza kuti amvere imodzi. Ngakhale ana a zaka zitatu adaonetsa mafunde aakulupo ku mbali ya nthano yomveredwa. M'chaka cha 2009 adapeza kuti mwa ana ochokera m'mabanja osowa kusiyanako kudali kochepa, ndipo vuto silidali kulephera kukuza nthano yofunika, koma kulephera kufooketsa inayo. Mwana wotere m'kalasi ya phokoso amamva mphunzitsi ndi phokosolo mofanana, ndipo nkosavuta kumuyesa waulesi kapena wopanda nzeru. M'chaka cha 2013 gulu lomwelo lidalengeza kuti maphunziro a milungu isanu ndi itatu, ophatikiza masewera ozoloweza ana kuika maganizo pamodzi ndi misonkhano ya makolo yochepetsa chisokonezo pakhomo, adakuza kusiyana kwa mafundewo.

Mafunde omwewa adapatsanso mau anthu ena amene matenda adawalanda kulankhula ndi kugwedeza thupi. M'chaka cha 1988 a Lawrence Farwell ndi a Emanuel Donchin a ku University of Illinois adandandalika zilembo pa kompyuta m'mizere isanu ndi umodzi yopingasa ndi isanu ndi umodzi yotsika, mizereyo ikuthwanima mosinthana. Munthu akaika maganizo pa chilembo chimodzi, P300 imatuluka mzere wa chilembocho ukathwanima, ndipo kompyuta imachilemba. Kalembedwe kake nkochedwa, koma kwa munthu wosatha kusuntha ngakhale chala, chiganizo chimodzi nchachikulu.

Funso la a Cherry lidayankhidwa mwachindunji patapita zaka pafupifupi 60. M'chaka cha 2012 a Nima Mesgarani ndi a Edward Chang a ku San Francisco adagwira ntchito ndi odwala khunyu amene madokotala adali atawaika kale timawaya pamwamba pa ubongo weniweniwo pofufuza gwero la matenda awo. Odwalawo adamvetsedwa anthu awiri akulankhula nthawi imodzi, nauzidwa kuti atsatire mmodzi. Akatswiriwo atagwiritsa ntchito kompyuta kumanganso chithunzi cha mau kuchokera ku magetsi a mu ubongo, chimene chidatuluka chidafanana ndi mau a wolankhula womveredwayo, ngati kuti amalankhula yekha. Pamene wodwala adasokonezeka nkulephera kuyankha bwino, chithunzicho nacho chidasokonezeka. Kuchokera pa ntchito zotere, akatswiri a m'maiko angapo akuyesa kupanga zothandizira kumva zimene zingazindikire, poyesa mafunde a pafupi ndi khutu, munthu amene wovalayo afuna kumumva pakati pa gulu, nkukuza mau a yekhayo. Zothandizira kumva za masiku onse zimavutika kwambiri pamalo a phokoso, ndipo ndipo pamene agogo ambiri amazivula nkuziika m'thumba.